Batire Lotupa m'Chipinda cha Tiyi

1. Pamwamba pa seva

"Kodi makontena awa ndi a ndani?"

Kachingwe anafunsa ataima pakhomo. Manesi awiri amene anakhala pa benchi anapitiriza kupemerera tiyi wawo. Wina anakanda khutu. Winayo anayang'ana kudenga ngati kwalembedwa nkhani yokoma.

Chipindacho chinali chaching'ono, chopanda zenera. Pachitseko panali chikwangwani choletsa kulowa, koma wina anapachikapo kalendala ya maluwa. Pakona panaima seva, chikompyuta chakuda chofika m'chiuno, chimene chinkasunga zonse za pachipatalapo: mayina a odwala, zotsatira za magazi, ndi mankhwala amene munthu walandira. Makompyuta onse a m'maofesi ankatenga ndi kusungitsa zinthu kwa iyo.

Koma seva inali ndi ntchito zina zimene oipanga sanaziganizire. Inkafunda. Choncho chakudya choikidwa pamwamba pake m'mawa chinkapezeka chikadali chofunda masana. Tsiku limeneli panali makontena atatu, wapamwamba wa chivindikiro chobiriwira. Kumbuyo, kumene kumatulukira mpweya wotentha, wina anayanika juzi yonyowa ndi mvula. Makina oziziritsa mpweya anali pakhoma ali zii.

"Tseka chitseko, iwe, ukulowetsa mphepo," anatero nesi wina.

Kachingwe anali mtsikana wa ku koleji ya zaumisiri. Anabwera pa chipatala chaching'onochi kudzaphunzira ntchito kwa malume ake, amene aliyense ankawatcha a Injiniya. Dzina lake analipatsidwa sabata yoyamba, chifukwa ankayenda ndi chingwe cha netiweki m'khosi ngati mkanda. Tsopano pa chingwecho panalendewera kiyi wa chipinda cha seva. Malume anali atagwa pa makwerero akukoka waya kudenga, ndipo anali kunyumba mwendo uli m'chikhakha.

Asananene china, wina anamukoka dzanja la malaya. Anali Magalasi, woyeza magazi wa mu labu.

"Tiye ukaone zimene akuchita makina a kwanu."

2. Kagudumu

Mu labu, Magalasi analemba zotsatira za wodwala wina pa kompyuta n'kudina posungira. Pagalasi panaoneka kagudumu kakang'ono. Kanayamba kuzungulira.

"Waona? Tsopano ine ndikhoza kupita kukafunsira mbeta, n'kukwatira, n'kubereka, ndidzapeza kakuzungulirabe."

"Achimwene, mbetayo ndiye ingakuchedwetseni kuposa kagudumuka," anatero Kachingwe. "Zayamba liti?"

"Kuyambira sabata yatha zinkakoka mwendo. Lero ndiye zagoneratu."

"Nanga mukafuna kutsegula zotsatira zakale?"

"Zimenezo zimatuluka ngati ana a sukulu akamva belu lowerukira. Vuto n'kusunga."

Kachingwe anagwedeza mutu. Anasuzumira pakhomo. Mabenchi a m'khonde anali odzaza. Bambo wina wachikulire anapinda mkono, thonje lili pa chigongono. Mayi wina ankayenda uku ndi uku ndi mwana wotentha thupi paphewa. Dokotala sakanalemba mankhwala asanaone zotsatira pa kompyuta yake, ndipo zotsatirazo zinali kuseri kwa kagudumu.

Kenako kunamveka nsapato zolimba. A Manijala, mkulu woyendetsa chipatalacho, analowa atagwira mafoni awiri, dzanja lililonse yakeyake.

"Ndiwe mphwawo wa a Injiniya, eti?"

"Ndine, Bwana."

"Tamvera. Malume ako ndi munthu wabwino, koma ubwino susunga zotsatira. Pali kampani ina m'tauni imene yakhala ikundinyengerera kuti izisamalira makina athu. Ine ndakhala ndikuikana chifukwa cha ulemu. Lero ulemu wanga wafika pamapeto. Tikamaweruka zinthu zili chonchi, ndiwaitana anyamata amenewo, ndipo malume ako akachira adzapeza mpando wawo uli ndi mwini. Wamva?"

"Ndamva, Bwana."

Foni ya kumanzere inalira. A Manijala anayankha ya kumanja, n'kutuluka.

3. Kufunsa chimodzichimodzi

Tsiku limene Kachingwe anayamba ntchito, malume anamukhazika pa benchi ya m'chipinda cha seva n'kumulankhula asanamulole kugwira kanthu.

"Mphwanga," anatero, "makina akayamba ulesi aliyense amasanduka dokotala. Wina adzati ndi mavairasi. Wina adzati ndi netiweki. Wina adzati mugule atsopano, ndipo kawirikawiri ameneyo amakhala ndi mlamu wake wogulitsa. Iwe usamvere pakamwa pa munthu. Uzifunsa makinawo, chiwalo chimodzichimodzi. Usasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi, chifukwa zikachira sudzadziwa chimene chachiza, ndipo zikafa sudzadziwa chimene chapha.

"Chachikulu ndi ichi. Ukadzapeza kuti makina adzichepetsera okha liwiro, uime kaye. Makina sachita ulesi ngati ife. Akamayenda monyang'ama ndiye kuti pali chimene akuopa. Upeze chimene akuopacho usanawakwapule. M'bokosi ili anthu amati muli manambala. Mulibe manambala, muli anthu. Ukataya zotsatira za munthu, wamubayitsa singano kachiwiri. Ukazisokoneza, wamumwetsa mankhwala a mnzake. Ndipo iye sadzadziwa n'komwe kuti unalipo."

Tsopano Kachingwe anakhala pa benchi yomweyo. Manesi anali atapita, makapu awo atawasiya pansi. Anakokera kiyibodi pafupi n'kuyamba kufunsa.

Anayamba ndi netiweki. Anatumiza timauthenga toyesera ku kompyuta ya mu labu, tonse tinabwerera msanga. Chingwe chinalibe mlandu.

Anayang'ana purosesa, imene ndi ubongo wa seva. Inali phee, ikugwira ntchito yochepa kwambiri. Memori nayo inali ndi malo ambiri. Anafufuza ngati pali pulogalamu yatsopano imene wina walowetsa posachedwa. Panalibe.

Anagwada n'kuyang'ana kutsogolo kwa seva. Madisiki onse, mmene seva imalembamo zimene ikusunga, anali ndi timagetsi tobiriwira. Palibe inali itafa. Koma atatsegula pamene seva imaonetsa ntchito zodikira kulembedwa pa madisiki, anapeza mzere wautali kuposa wa m'khonde uja.

Anayesa chinthu chimodzi chomaliza. Anakopera failo yaikulu kuchokera mu seva kupita pa kompyuta yake. Inadutsa ngati mphezi. Anaibweza kuti ilembedwe mu seva. Inakwawa.

Magalasi anasuzumira pakhomo. "Wapeza mfiti?"

"Ndapeza kumene ikukhala. Kuwerenga kuli bwino, kulemba ndiye ayi. Madisiki ndi amoyo. Ndiye watsala ndi amene amawatuma."

4. Kalaliki woopa kunama

"Pakati pa seva ndi madisiki pali kakhadi kotchedwa kontirola," anatero Kachingwe uku akutsegula pulogalamu ina. "Chilichonse chopita ku madisiki chimadzera kwa iyo."

"Undiuze ngati mwana, ine ndinaphunzira za magazi."

"Chabwino. Kontirola ili ngati kalaliki wa pawindo. Mukamupatsa pepala, amaliponya m'thireyi n'kunena kuti, 'Zatheka, wotsatira!' Kenako akapeza mpata amakaliika m'kabati. N'chifukwa chake mzere umayenda. Thireyiyo ndi kamemori kake. Koma kamemoriko kamaiwala zonse magetsi akazima, ndiye kali ndi batire lakelake loti kasaiwale."

"Batirelo likafa?"

"Kalaliki amaopa kunama. Sanenanso kuti zatheka mpaka atanyamuka, n'kukatsegula kabati, n'kuikamo pepala, n'kutseka, n'kubwerera pa mpando. Pepala lililonse choncho."

"Ameneyo ndi kalaliki wopemphera," anatero Magalasi. "Pano sangakhalitse."

Pulogalamuyo inatseguka. Pamwamba panali mzere wofiira: batire la kontirola lalephera. Pansi pake panalembedwa kuti kontirola yasiya yokha kugwiritsa ntchito kamemori kake polemba.

Kachingwe anachotsa makontena aja n'kuwaika pa benchi. Anachotsa juzi. Anamasula chivindikiro cha m'mbali mwa seva pang'ono chabe n'kuwalitsa tochi ya foni. Mpweya wotentha unamuwomba kumaso. Batirelo linali pamenepo, pambali pa khadi, litatupa ngati tsaya la munthu wodwala dzino. Anabwezeretsa chivindikiro.

"Kutentha," anatero. "Makina oziziritsawa anazimitsidwa liti?"

"Amazimitsa pa tiyi, kuti anthu asazizidwe. A Injiniya ndi amene ankayatsanso tiyi akatha." Magalasi anaima pang'ono. "Chigwereni iwo, sindikudziwa ngati alipo anakumbukira."

Kachingwe anayatsa makinawo. Anabwerera pa galasi, ndipo anaona mizere ina iwiri imene poyamba sanaiwerenge.

Woyamba unanena kuti alamu ya kontirola ndi yozimitsidwa. Batire silifa tsiku limodzi. Limayamba lafooka, ndipo kontirola imalira kuti anthu adziwe.

"Achimwene, seva iyi inayamba yalirapo?"

"Kaphokoso kaja ka pii, pii? Kalekale. Kankatisokoneza pocheza. A Sisita anadandaula, a Injiniya anakatontholetsa. Anati ndi nkhani yaing'ono, adzaikonza."

Mzere wachiwiri unali ndi kabokosi kopanda kanthu pambali pake. Unati: kakamizani kontirola kugwiritsa ntchito kamemori kake ngakhale batire palibe.

"Kameneko n'kachiyani?" anafunsa Magalasi.

"N'kouza kalaliki kuti azingonena kuti zatheka."

"Ndiye ukudikira chiyani?"

Mu labu wina anaitana dzina lake, ndipo Magalasi anathamanga asanamve yankho.

5. Foni

Kachingwe anatseka chitseko n'kuimbira malume. Anayankha msanga, ngati munthu amene wakhala akuiyang'ana foni chiyambire m'mawa. Kumbuyo kunkamveka makina osokera a anti, akazi awo a malume.

Anawauza zonse mwa dongosolo: netiweki, purosesa, memori, madisiki, kontirola. Malume ankangoti "eya, eya," ndipo mawu awo anali okondwa. Atafika pa batire lotupa, "eya" uja anatha. Atatchula alamu, ngakhale makina osokera anaima.

"A Manijala akuti chiyani?"

Kachingwe anawauza za kampani ya m'tauni.

Malume anapuma mozama. "Pansi pa mzere wofiirawo pali kabokosi. Wakaona?"

"Ndakaona, malume."

"Ukachonge."

"Malume, batire lafa."

"Makutu anga sanathyoke, wathyoka ndi mwendo. Ukachonge. Seva iuluka, mzere utha, a Manijala aseka. Ine ndikachira ndidzabwera ndi batire m'thumba, ndidzaliika mwakachetechete. Palibe adzadziwe."

"Nanga magetsi akazima?"

"Pali jenereta."

"Jenereta imachedwa kulira. Sabata yatha magetsi atazima, seva inagwa jenereta isanadzuke. Bokosi losungira seva magetsi podikira jenereta latopa, komanso anthu amatchajirapo mafoni. Tsiku limenelo palibe chinatayika chifukwa kontirola inali itayamba kale kuopa. Ndikaikakamiza, zimene zili m'thireyi zipita. Mwinanso failo yonse ya odwala ingaonongeke."

"Lero sazima."

"Mwadziwa bwanji, malume?"

"Mphwanga, tamvera. Ine ndakalamba. Kampani imeneyo ikalowa pa khomo lakutsogolo, ine ndatulukira lakumbuyo, ndipo palibe wina angandilembe ntchito ndi imvi izi ndi mwendo uwu. Iwe ndinakutenga kwa mayi ako uli kamwana kosadziwa kumanga nsapato. Ndakupempha chiyani chikhalire? Ndikupempha kabokosi kamodzi."

"Munandiuza kuti makina akamaopa..."

"Zimene ndinakuuza ndikuzidziwa, ndinazilankhula ndine. Chonga."

Foni inaduka.

6. A Sisita

Kachingwe anaika kamuvi ka mausi pa kabokosi kaja. Anachotsa dzanja. Analibwezeretsa. Makina oziziritsa ankalira pakhoma, ndipo m'chipindamo munayamba kuzizira.

Chitseko chinatseguka osagogoda. Anali a Sisita, mkulu wa manesi onse, mayi wamfupi wa wotchi yapachifuwa.

"Iii, muno mwasanduka mochare? Ndani watsitsa chakudya changa?"

"Ndine, a Sisita. Pepani." Kachingwe anatembenuka. "Ndikufuna ndikufunseni. Chabwino n'chiti: zotsatira zochedwa, kapena zofulumira koma zoti mwina zingasowe pambuyo poti kompyuta yanena kuti zasungidwa?"

A Sisita anakhala pa benchi, kontena wawo ali pamiyendo.

"Mwanangu, za makina ako ine sindizidziwa, ndipo sindikufuna kuzidziwa. Koma ndikuuze zimene ndimauza nesi aliyense watsopano. Usalembe kuti wapereka mankhwala usanapereke. Ngakhale botolo lili kale m'dzanja, ngakhale wodwala wayasama kale. Chifukwa pakati pa dzanja ndi pakamwa wina akhoza kukuitana, ndipo wobwera pambuyo pako adzakhulupirira zimene walemba.

"Panja paja anthu akudandaula, inde. Wodwala wodikira amatukwana. Ine ndatukwanidwa m'zilankhulo zonse, ndipo ndikadali wonenepa. Kutukwanidwa sikupha. Chimene ndimaopa ine n'kuima pamaso pa mayi n'kumuuza kuti, 'Mwana wanu tinamutenga magazi, koma sitikudziwa kumene zotsatira zapita, bwerani naye timubayenso.' Kamwana kotentha thupi mitsempha yake imabisala. Umafufuza pamkono, umafufuza paphazi, iko kakulira, mayi akukuyang'ana. Ukadzaona zimenezo kamodzi sudzafunsanso funso lakoli.

"Komanso usamaope munthu wokalipa. Wokalipa amaiwala pofika mawa. Uziopa munthu amene wakukhulupirira."

Anaimirira n'kugwira kontena wawo ndi manja awiri. "Komatu chakudya chazizira ichi," anatero, n'kutuluka.

Kachingwe anachotsa kamuvi pa kabokosi. Anatseka pulogalamuyo osasintha kanthu. Kenako anapita kukagogoda kwa a Manijala.

7. Mafunso a a Manijala

A Manijala anafuna kuona ndi maso awo. Anabwera m'chipinda cha seva, ndipo a Sisita, amene nkhani sinkawadutsa, anabwera pambuyo pawo. Magalasi anaima pakhomo ngati akungodutsa.

Kachingwe anafotokoza za kalaliki ndi thireyi. Anawaonetsa mzere wofiira. Anati batire latsopano liyenera kuitanitsidwa kwa ogulitsa, ndipo lingatenge masiku angapo.

"Masiku? Ine ndati lero. Palibe njira yoifulumizitsa lero?"

"Ilipo, Bwana."

"Ndiye chita."

"Sindichita, Bwana."

Magalasi anavula magalasi ake n'kuyamba kuwapukuta.

"Wati chiyani?"

"Ndikachonga kabokosi ako, seva ifulumira pompano. Koma magetsi akangozima, zotsatira zimene kompyuta yanena kuti yasunga zisowa, ndipo sitidzadziwa kuti ndi za ndani. Mukafuna kuti kachongedwe, muitane a kampani aja achonge iwo. Koma muwafunse kaye ngati angachonge seva ya chipatala chimene amagonekako mayi awo."

A Manijala anayang'ana foni ya kumanja, kenako ya kumanzere. Palibe inalira kuti iwapulumutse.

"Chinthu chodula chonchi sichichenjeza chisanafe?"

"Chimachenjeza, Bwana. Chili ndi alamu."

"Ndiye bwanji sitinaimve?"

"Inazimitsidwa."

"Ndi ndani?"

Kachingwe anagwira kiyi wa m'khosi mwake. "Mawu achinsinsi olowera mu sevayi tili nawo anthu awiri, Bwana. Ine sindinazimitse."



"Tinawapempha ndife," anatero a Sisita. "Ndine ndinapita kwa a Injiniya. Ndinati kaphokosoko kakundipweteketsa mutu. Ndipo makina ozizirawa timazimitsa ndife. A Injiniya analakwa kutimvera, koma musaiwale amene anawauza."

"Ndiye chipinda cha seva mwachisandutsa khitchini?" A Manijala anakweza mawu. "Anthu akuluakulu, ophunzira, kuika zakudya pamwamba pa..."

Maso awo anagwera pa benchi. Panatsala makontena awiri. Anayang'ana wa chivindikiro chobiriwira uja, ndipo mawu awo anathera pomwepo. Anaika foni imodzi m'thumba kuti dzanja lipeze mpata, n'kumunyamula kontenayo mosamala ngati wa munthu wina.

"Lero ungachite chiyani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Pali ntchito yokopera zonse za mu seva imene imayamba yokha masana. Malume anaiika nthawi imeneyo kale, pamene chipatala chinkatseka pa nkhomaliro. Tsopano simutseka, ndiye imalimbirana madisiki ndi a mu labu. Ndiisunthira madzulo. A ku ofesi ya malipoti adikire kaye, a mu labu ndi madokotala ayambe ndiwo. Sizifulumira ngati kale, koma mzere uyenda. Tikatseka ndizimitsa seva ndichotse batire lotupalo, lisakhalemo. Ndipo muno musalowenso kapu."

"Kapu imodzi yokha?" anafunsa Magalasi.

"Ngakhale supuni, achimwene."

A Manijala anaima pakhomo. "Batire liitanitse lero. Kampani sindiitana sabata ino. Za malume ako tidzakambirana iwo akabwera, ine ndi iwo, chitseko chotseka."

8. Magetsi

Masana onse Kachingwe anayenda pakati pa labu ndi chipinda cha seva. Kagudumu kankazungulirabe, koma tsopano kankatopa msanga. Bambo wa thonje uja anapita. Mayi wa mwana wotentha thupi analandira mankhwala dzuwa litapendeka, ndipo podutsa anamuyang'ana Kachingwe ndi diso loipa, chifukwa wina anali atamuuza kuti wa makompyuta ndi ameneyo.

Manesi anamwera tiyi wa madzulo m'khonde, ataimirira. Palibe anamuitana.

Magetsi, amene masiku ena ankazima ngati alumbira, tsiku limenelo sanaphethire n'komwe.

Atatseka chipatala, Kachingwe anazimitsa seva, anachotsa batire, analikulunga m'pepala n'kuliika m'bokosi la zinthu zowopsa. Anayatsanso seva, n'kudikira mpaka timagetsi tonse titabiriwira. Anabwezeretsa alamu. Inayamba pomwepo kulira kuti batire palibe, pii, pii, m'chipinda mopanda munthu. Anachotsa kalendala ya maluwa pachitseko n'kukhoma.

Anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Malume anakhala pakhonde, mwendo wa chikhakha uli pa mpando wina, ndodo zoyendera zitatsamira khoma. Anti anali pakhomo ndi nsalu imene ankapinda, ndipo anaipinda kangapo kuposa mmene inkafunikira.

"Mwaswera bwanji, malume?"

"Ndaswera." Sanamuyang'ane. "Magetsi anazima?"

"Sanazime."

"Ndinakuuza."

"Munandiuza, malume."

"Unachonga?"

"Sindinachonge."

"A Manijala akudziwa za alamu?"

"Anafunsa."

"Iwe n'kuyankha."

"Ndinayankha. A Sisita anati anakupemphani ndi iwo. Kampani sakuiitana sabata ino. Koma akuti mukabwera mudzakambirana, inu ndi iwo."

Malume anagogoda chikhakha ndi chala, pang'onopang'ono. Panjira panadutsa njinga, kenako galu.

"Ntchito yokopera ija unaisunthira madzulo?"

"Ndinaisunthira."

"Batire unalichotsa seva itazima?"

"Itazima, malume."

Malume anagwedeza mutu kamodzi. Sizinadziwike ngati akuvomereza kapena akungothamangitsa ntchentche.

"Bambo, mwanayu sanadye," anatero anti. "Musiyeni alowe."

"Alowa." Malume anatambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba. "Kiyi."

Kachingwe anayang'ana anti. Anti anayang'ana nsalu. Kachingwe anavula chingwe chija m'khosi, kudzera kumutu, n'kuchiika m'dzanja la malume. Khosi lake linamveka lopepuka ndi lozizira.

Malume anafumbata kiyiyo n'kutembenukira kwa anti.

"Mayi, mundisitire shati yoyera ija. Mawa ndikukatsegula ndekha."

"Ndi mwendo umenewu? Adokotala anati musaponde pansi!"

Malume anakokera ndodo zawo pafupi n'kuziika pamiyendo.

"Shati yoyera," anatero. "Ndi taye."